Mafuta a Usiku Amene Tidadzola Masana

Mdzukulu wanga wa ku Tete akabwera kudzandiona amandandalika timabotolo pawindo ngati akutsegula chipatala. Aka n'kotsukira nkhope, aka akuti ndi seramu, aka ndi retinoli, ndipo zonsezi amadzola pokagona, mwana woti nkhope yake ndi yosalala kale ngati dzira. Akuti akutsekera ukalamba chitseko usanagogode. Akamandifotokozera amalankhula pang'onopang'ono, poganiza kuti agogo akewa ndi mbuli. Ine ndimangoti eya, eya, uku nthiti zikundiwawa pobisa phwete. Retinoli ameneyu ine ndidakumana naye mayi ake a mwanayu akadali ndi mamina, nkhondo ili pakati, ndipo adandionetsa zakuda.

Amuna anga adali aphunzitsi. Boma lidawatumiza ku Furancungo mwana wathu wamkazi ali kumsana, pangano lili loti akakhazikike kaye, kenako adzatitenge. Msewu udatsekeka kumbuyo kwawo. Adaukwirira mabomba, ndipo m'makhwawa mudadzaza mfuti. Ine ndidatsala kwathu ku Tsangano ndi akulu anga aakazi, amene nkhondo yomweyo idali itawasandutsa amasiye. Uthenga umafika mwa apo ndi apo, ndi anthu ozungulira ku Malawi: ali moyo, akuphunzitsa pansi pa mtengo, akupereka moni. Basi. Pofika nthawi imene ndikunenayi, mwana uja adali atayamba kuguluka mano.

Ndiye tsiku lina mayi wina wogulitsa mchere adandipeza pachitsime n'kundinong'oneza kuti aphunzitsi akubwera ndi koluna yotsatira, ife tikamamaliza kukumba mbatatesi. Koluna idali mdipiti wa makamyau, malole aja, oyenda pamodzi, asilikali kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo padalibe njira ina yoyendera pamsewu. Ndidaponya nkhata uko, ndowa uko. Ndidathamanga mpaka kunyumba ndikululutira, agalu akundilondola, anthu akutuluka m'nyumba ndi mitolo pamutu poyesa kuti zayambikanso. Ndidafika ndikuvina, ndidawagwira akulu anga m'chiuno n'kuwazunguza mpaka tonse tidagwera pa nkhuni.

Akulu angawa pakamwa pawo padalibe chotsekera. Adadzuka, kudzisasa fumbi, kundiyang'ana kuyambira pachipumi mpaka pachibwano, n'kunena kuti, "Koma iwe, akakuzindikira?"

Galasi m'mudzi mwathu lidalipo limodzi, kachibenthu kamene wina adazula pa kamyau yotenthedwa. Ndidakabwereka. Mayo ine! Mmene ndidadziyang'ana ndidaona amayi anga omwe adamwalira. Kuzizira kwa ku Tsangano sikusewera, ndipo ife tidali titagona m'mapiri kambirimbiri pothawa mfuti, mame akutigwera kumaso. Onjezerani utsi wa nkhuni zaziwisi, kusowa kwa sopo, ndi njala. Nsatsi zoyenga mafuta tidali titasiya kalekale, nanga amene akuthawa amayenga mafuta? Pachipumi padali mizere yoti n'kubzalapo nyemba, m'mbali mwa maso muli timapazi ta nkhuku, masaya atalowa m'kati. Ndidachita mantha, ndinene zoona. Tidamvapo za amuna amene adatsekeredwa kutali n'kutenga atsikana a komweko, ndi ena amene adabwerera, kuyang'ana akazi awo kamodzi, n'kukweranso koluna yomweyo. Ine ndidadikira munthu ameneyu zaka zonsezo, ndipo tsopano ndimaopa kuti adzatsika, adzandiona, nkhope yake n'kugwa.

Pachipatala cha pa vila, katauni ka boma kapafupi nafe, padali anamwino ena ochokera ku Beira. Onse timadziwa kuti ndi aakulu kuposa akulu anga, poti adali ndi zidzukulu, koma nkhope yawo idali see, yopanda ndi khwinya limodzi lomwe. Ena amati ndi mankhwala a kunyanja. Ine adandizolowera chifukwa ndimawapatsa mbatatesi ndi kabichi, ndipo timaitanana kuti kumadre, monga amaitanirana akazi okondana pa Chipwitikizi. Ndidapita m'mawa, ndidadikira odwala athe, ndidalowa n'kutseka chitseko.

"Kumadre, ndikudwala," ndidatero.

"Chikuwawa n'chiyani?"

"Ukalamba."

Adaseka mpaka kugwira tebulo. Nditawafotokozera za koluna adasiya kuseka, adandigwira chibwano, n'kutembenuza nkhope yanga uku ndi uku ngati akugula dzungu. Kenako adapita kunyumba kwawo n'kubwera ndi kachikwama. Mudali kachubu kofinya ngati ka mankhwala a mano, ndi kabotolo kakuda kokhala ndi kodonthezera. Adati adawatumizira ndi mng'ono wawo wokhala kunja, ndipo angandigawireko popeza china chidali m'njira.

Chichewa chawo chidali chopindika, chothira Chipwitikizi ngati mchere. "Tamvera bwino, kumadre. Uyu retinoli. Iye amachotsa khungu lakale devagar, pang'onopang'ono, latsopano limabwera pansi. Pouco, wamva? Ngati njere ya nyemba, nkhope yonse. Aka kabotolo madontho pang'ono, poyamba. Só à noite, pokagona basi, ndipo osati tsiku lililonse. Lero inde, mawa ayi. M'mawa usambe, uvale chipewa, uthawe dzuwa. Dzuwa ndi iye ndi adani."

"Nanga makwinya achoka liti?"

"Calma. Miyezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, si mmene mumanenera inu?"

Ndidavomera zonse ndi mutu, ndidathokoza, ndidabisa mafutawo pachifuwa n'kumapita. Koma mawu akuti miyezi adandikhala pakhosi njira yonse.

Kunyumba tidakhala upo ndi akulu anga, ndipo ndikufuna mumvetse kuti ife sitidali zitsiru. Tidaganiza bwinobwino monga mmene anthu a kwathu amaganizira. Kwathu mafuta amadzola m'mawa, munthu ukasamba, ukamapita pagulu. Umathira m'dzanja lodzaza, kutikita, kupaka kumaso, m'khosi, kuseri kwa makutu, mpaka unyezimire woti wakutsidya la dambo aone kuti uyo ndi mkazi wosamalidwa. Mkwatibwi timamudzoza mpaka achite kudontha. Mwana wakhanda chimodzimodzi. Wodzola pang'ono timamunena kuti ndi waumbombo, amadzimana yekha.

"Mafuta odzola pokagona?" adatero akulu anga. "Kuti akuone ndani, makoswe? Udzangopaka mphasa."

"Ati kanjere ka nyemba."

"Anthu a m'tauni ndi omana, iwe. Akufuna kachubu kawo kakhalitse. Ndipo tawerengera wekha. Ngati kanjere kamachotsa makwinya pa miyezi, dzanja lodzaza lichotsa pa masiku. Munda ukaufuna msanga umauthira manyowa ambiri."

"Nanga dzuwa?"

"Dzuwa ndi limene limalowetsa mafuta m'thupi. Sudaone mmene nsatsi zimasungunukira masana?"

Ine ndidaona kuti akunena zanzeru. Mpaka lero ndikamakumbukira ndimaona kuti mfundo zake zidali zoongoka, kungoti ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Padalinso china. Nyengo imeneyo timakumba mbatatesi mothandizana, lero kwa uyu, mawa kwa uyo, amayi okhaokha poti amuna adali atachepa m'mudzi. Chinthu chabwino kwathu sudya wekha. Mchere ukaupeza umagawa ndi kasupuni, singano imayenda mudzi wonse. Ndikadadzola ndekha n'kusanduka namwali pakati pa anzanga, akadandinena ufiti, ndipo akadalondola. Kupatsa n'kuika. Choncho m'mawa mwake, kusanatenthe, amayi onse a gulu lathu adasonkhana kuseri kwa nkhokwe yathu atasamba kumaso, ndipo akulu anga adaima pakati ndi kachubu ngati akugawa mgonero. Ine monga mwini nkhani ndimalandira kawiri, kuonjezapo madontho a m'kabotolo mpaka kuyenderera m'khosi. Kenako makasu paphewa, ulendo wa kumunda, dzuwa la mwezi wa chisanu ndi chinayi likutidikira.

Abale, masiku amenewo tidasangalala! Sindidasekepo chotero chiyambire nkhondo. Timayenda mumzera nkhope zili phuliphuli, tikununkhira ngati sitolo ya Amwenye, tikuyenda monyang'wa ndi mapazi ong'aluka. Tikakumba pang'ono wina amaimitsa khasu n'kufunsa, "Tandionani, latsala?" Tonse timathamangira kukamuunika n'kulumbira kuti khwinya lija lafupika. Galasi la kamyau limayenda m'manja mpaka kutentha. Nkhope zitayamba kunyerenyetsa tidalulutira, poti mankhwala osaluma kwathu sitiwakhulupirira. Mayi wina wachikulire, wa dzino limodzi, adalengeza kuti akumva lina likumera kunsi. Tidamutsegula pakamwa pakati pa munda n'kusuzumira, ndipo ena adati akuliona ndithu.

Akulu anga ndiye adapenga. Munthu amene adavala zakuda mpaka zidasanduka zotuwa adafukula chitenje chamaluwa pansi pa thumba, n'kuyamba kudutsa pakhomo pa akatekisiti, omwe adali amasiye nawonso, kukapala moto masana dzuwa lili pamutu. Tidapeka nyimbo yowanyoza, ndipo iwo eni ake ndi amene amatsogolera. Tsiku lina kudamveka mfuti kutali chakumadzulo, ndipo m'malo mogwira ana n'kuthawa, mayi wina adakuwa kuti, "Adikire kaye, tisanafe tikongole!" Tidagwa pansi ndi phwete pakati pa mizere, mfuti zikulira. Ine usiku ndimagona ndikumwetulira, ndikudziona ndikutsetsereka kupita pa vila ngati tsiku la ukwati wathu, amuna anga atayasama kukamwa.

Sabata isanathe, kunyerenyetsa kuja kudasanduka moto. Ndidadzuka m'mawa wina nkhope itauma gwa, yothina ngati ng'oma yowamba, moti kuyasamula kumandiliza. Madzi osamba amaluma ngati tsabola. Akulu anga adati ndi ukalamba ukutsanzika, tionjezere. Tidaonjezera. Mawa lake khungu lidayamba kusupuka. Amene adakumbapo mbatatesi zanthete akudziwa mmene kakhungu kake kamachokera ukangokhudza ndi chala. Ifenso tidali chomwecho, pamphuno, pachipumi, m'mbali mwa milomo, pena pofiira, pena pakuda bii, pena potuwa, zikope zitatupa. Mwana wanga adandiyang'ana n'kukabisala kuseri kwa chitseko. Mbuzi zenizenizo zimatipatukira.

Tidapita kuchipatala gulu lonse, titafunda zitenje kumutu ngati tikupita kumaliro. Titavundukula pamodzi, anamwino adabwerera m'mbuyo n'kukhala pansi pasimenti.

"Meu Deus! Kumadre, wachita chiyani? Ndipo onsewa ndani?"

"Ndi anzanga," ndidayankha.

"Kachubu kali kuti?"

Akulu anga adakatulutsa. Kadali kataphwatalala, atakang'amba ndi mpeni n'kukokota m'kati.

"Aka kadali ka chaka chonse! Ine ndidati njere ya nyemba!"

"Tidamva, amayi," adatero akulu anga, milomo ikulephera kutseguka bwino. "Koma kuno nyemba sitiwerenga imodziimodzi. Timayeza ndi mbale."

Anamwino adafuna kukalipa, koma kudawakanika. Adaseka mpaka misozi, ife tikuwapempha kuti asiye chifukwa tikaseka nafe nkhope zimang'ambika. Atapuma adatilamula ngati asilikali: palibenso kudzola, palibe kukanda, palibe kusenda ndi zikhadabo, madzi ozizira okha, mthunzi, ndi mafuta wamba opanda fungo amene adatigawira m'kachitini. Adati zipola zokha pakapita masabata angapo, ndipo tithokoze Mulungu kuti kachubu kadali kakang'ono. Ine ndidawerengera mbatatesi zimene zidatsala m'minda n'kuona kuti nthawi ilipo ndithu, mwina ndingapole.

Koluna idafika mawa lake lomwe.

Tidamva kulira kwa makamyau chakumasana, fumbi likukwera kuseri kwa phiri. Mudzi wonse udakhamukira pa vila. Ine ndidakhala pakhonde. Ndidati sindipita, akulu anga akawauze aphunzitsi kuti ndapita ku Malawi, akawauze kuti ndamwalira. Ndidalira, ndipo misozi imawotcha ngati madzi a pamoto. Ndikadangokhala ndi makwinya anga, bwenzi ndili nkhalamba chabe, koma tsopano ndidali chinthu choopsezera ana. Akulu anga sadandinyengerere. Adandimanga duku mpaka m'zikope, chitenje china kuchokera pamphuno kutsika, n'kundikoka padzanja. "Tiye. Ngati athawe, athawe tikuona."

Pa vila tidaima mzere wathu pambali, amayi onse a gulu lija, maso okha ali pamtunda. Anthu amatsika m'makamyau ndi mitolo, ena akugwa m'manja mwa abale awo, ena akufunsa mayina a anthu omwe tidaika kale. Ndidafunafuna mwamuna wojintcha, wa mapewa otambalala, amene ndidatsanzikana naye. Padalibe. Kenako, anthu atachepa, ndidaona munthu wina ataima kuseri kwa kamyau yomaliza, akusuzumira ngati wakuba nkhuku. Adali woonda, jekete likumulendewera, kachikwama atakakumbatira pachifuwa. Koma tsitsi! Lidali lakuda bii, lonyezimira, kuposa la mnyamata wongotha msinkhu. Ndipo popeza adakhala pamwamba pa matumba ulendo wonse padzuwa, thukuta lidali litagwira ntchito yake. Mitsinje yakuda imatsika pachipumi, kudutsa m'masaya, kuzungulira makutu, kukathera m'kolala ya malaya oyera. Atapukuta ndi dzanja adangodzipaka nkhope yonse.

Ndidawazindikira pa kaimidwe, phewa limodzi lotsika chifukwa cholemba pabolodi. Ndidafuna kulira, koma chimene chidatuluka ndi chiphwete, chachikulu, chopanda ulemu, cha pachitsime. Khungu la pamlomo lidang'ambika koma sindidathe kusiya.

Munthu uja adatembenuka msanga. Adayang'ana mzere wathu wa zitenje, n'kuyamba kubwera pang'onopang'ono, khutu lili patsogolo. Adadutsa woyamba, wachiwiri, adadutsa akulu anga, n'kuima pa ine.

"Kuseka kumeneku ndi kwa kunyumba kwanga," adatero.

Ndidagwada monga mwa mwambo. "Mwayenda bwanji, bambo?"

"Ndayenda bwino, mayi. Nanga mwabisalanji?"

"Ndapsa."

"Ndi moto? Adakutenthani?" Mawu awo adasintha, ndipo ndidaona kuti aganiza za nkhondo.

"Iyayi, bambo. Ndi mafuta. Ndimafuna mundipeze ndili mtsikana."

Ndidamasula chitenje ndekha, poti kuthawa kudali kutatha. Ndidawayang'ana m'maso kudikira kuti nkhope igwe. Adandiyang'anitsitsa, pamphuno posupuka, pazikope zotupa, ndipo milomo yawo idayamba kunjenjemera. Ndidaona kuti mano am'mbali adatha. Kenako adakhala pansi pafumbi, aphunzitsi athunthu, n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Nanga inu kumutuko n'chiyani?" adafunsa akulu anga, amene sakadatha kudikira.

"Alamu, musandiyalutse," adatero akupukuta misozi yakuda. "Ndi zija timadetsera bolodi kusukulu. Makala a m'mapilya, mabatire akutha a wailesi aja, kusinja, kusakaniza ndi timafuta. Pabolodi zimakhala mwezi wathunthu. Ndidati nanga pamutu zingakanike bwanji?"

"Chifukwa chiyani, bambo?" ndidafunsa.

"Ndimaopa kuti mukandiona mudzati kwabwera agogo, amuna anga ali kuti."

Apo amayi onse adavundukula nkhope zawo ndi nthungululu, ndipo asilikali amene amatsitsa matumba adaima n'kumayang'ana, osamvetsa kuti mudzi uno wagwidwa ndi matenda anji. Tidapita kunyumba ndi nyimbo, ine wosupuka kutsogolo, iwo wodontha makala pambuyo, mwana wathu akuyenda chapatali, osafuna kuyandikira aliyense wa ife.

Dzuwa lisanalowe ndidawatenthetsera madzi n'kupita nawo kubafa kuseri kwa nyumba. Anamwino adali atanditumizira kachidutswa ka sopo. Amuna anga adakhala pamwala, adawerama, ndipo ndidayamba kuwasambitsa kumutu, tikusekabe, iwo akuti ndisakhudzitse madziwo kumaso kwanga ndingade. Madzi oyamba adatsika akuda ngati a m'dambo. Achiwiri adatsika otuwa. Nditathira achitatu kuseka kudandithera. Mutu wonse udali woyera mbee, wopanda ndi tsitsi limodzi lakuda. Munthuyu adachoka pakhomo pano alibe imvi ngakhale imodzi. Ndidayendetsa zala m'menemo, ndipo pamwamba pa khutu ndidapeza chipsera chachitali chimene sindimachidziwa.

"Mwatonthola bwanji, mayi?" adafunsa ali chiweramire. "Zaipa kwambiri?"

"Sizidaipe," ndidatero. "Kungoti zonsezi zidamera ine kulibe."

Adagwira dzanja langa pamutu pomwepo n'kulikanikiza, osalisiya, madzi akuzizira m'ndowa.